Tifunseni za Malamulo: Mlandu wa m'ndege umawola

A Loya,

Ndine mayi wa ana atatu. Ndimakhala ku Bangwe ndipo ndili ndi kashopu ka nsapato ndi zikwama ku Limbe. Katundu ndimakaoda ku Johannesburg, kale pa basi, koma masiku ano ndimayesetsa kukwera ndege chifukwa miyendo imanditupa. Chaka chatha pobwerera, ndege itangotera pa Chileka, anthu anayamba kuimirira isanaime n'komwe, mukudziwa khalidwe lathu. Bambo wina anatsegula kabati ya pamwamba pa mipando, chikwama cholemera n'kundigwera paphewa. Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anandipatsa madzi ndi panado, n'kulemba dzina langa pa kapepala. Mawa lake ku Queens anandijambula n'kupeza kuti fupa la pakati pa khosi ndi phewa lathyoka. Ndinatha miyezi itatu dzanja lili m'nsalu pachifuwa, pashopu pakukhala mwana wa achemwali anga. Mpamba unalowa pansi, ndipo ngongole ya banki m'khonde ndikubwezabe mpaka lero. Kampani ya ndegeyo ndinailembera katatu. Mwezi watha anandiitana, akuti andipatsa tikiti yaulere yopita ndi kubwerera ndikasaina pepala la Chingerezi la masamba awiri. Bambo a kunyumba akuti ndingosaina, poti ndege sinagwe ndiye palibe ngozi, komanso amene anatsegula kabatiyo si wa kampani. Apongozi akuti ndisathamange, mlandu suwola. Papita chaka ndi miyezi 4. Nditani?

Mayi wa ku Bangwe

Mayi, pepani ndi phewalo. Fupa limenelo likathyoka munthu umalephera ngakhale kumanga duku, ndiye ndikudziwa kuti miyezi itatu ija inatalika.

Ndiyambe ndi apongozi anu, chifukwa pa malangizo awiri amene mwalandira pakhomopo, awo ndi amene angakupwetekeni mwakachetechete. Muwapatse ulemu wawo. Pabwalo la amfumu mlandu suwoladi, mbuzi imene anadya agogo amatha kuilipira mdzukulu. Koma mlandu wovulala m'ndege yodutsa malire a dziko umawola, ndipo tsiku lake limadziwika: zaka 2 kuchokera tsiku limene ndegeyo inafika, kapena limene imayenera kufika. Inu mwatsala ndi miyezi 8.

Masiku amenewa sasiya kuwerengedwa chifukwa choti mwalemba kalata, kapena chifukwa choti akuyankhani mokoma. Chokhacho chimene chimateteza mlandu ndi kukasuma kukhoti, chikalata n'kudindidwa, tsikulo lisanakwane. Ndikunena izi ndikukumbukira bambo wina amene anakwera masitepe a ofesi yanga muno m'tauni atanyamula envelopu ya khaki yofufuma ndi makalata. Iyeyo anapsa ntchafu ndi tiyi m'ndege. Kalata iliyonse imene kampani inamuyankha inali yaulemu kwambiri, "tikuunikabe dandaulo lanu", "tikudziwitsani posachedwa". Ndinawayala patebulo motsatira madeti, n'kuyang'ana tikiti, kenaka kalendala ya pakhoma. Zaka ziwiri zinali zitatha milungu itatu yapitayo. Anandifunsa kuti, "Ndiye makalata onsewa?" Ndinasowa pogwira. Anawabwezera m'envelopu limodzilimodzi, mosamala, ngati akadali ndi ntchito.

Ngakhale maloya amagwa pamenepa. Kuno tinazolowera milandu ya ngozi za minibasi ndi zapantchito, imene lamulo lathu la Limitation Act limapereka zaka 3 kwa munthu wovulala. Loya amene sanagwirepo nkhani ya ndege akhoza kukuuzani ndi mtima wonse kuti nthawi ikadalipo. Mukamva akutchula zaka zitatu, mumufunse ngati wawerenga mapangano a Warsaw ndi Montreal.

Mapangano awiriwa ndiwo amalamulira maulendo a ndege a pakati pa mayiko. La Warsaw ndi lakale, la mu 1929, ndipo analikonzako ku The Hague mu 1955. La Montreal ndi la mu 1999 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2003. South Africa, Kenya, Ethiopia, China, Britain ndi America onse ali m'menemo. Limene likukhudza inu limadziwika ndi tikiti yanu, poona dziko limene ulendo unayambira, dziko limene unathera, ndi pangano limene mayikowo anasaina. Tikiti yopita ndi kubwerera yoyambira pa Chileka imawerengedwa kuti ulendo unayamba ku Malawi n'kuthera ku Malawi komweko, Johannesburg ndi popumira chabe. Matikiti awiri ogulidwa padera ndi nkhani ina. Bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege padziko lonse, limasunga m'ndandanda woonetsa dziko lililonse ndi pangano lake, ndipo loya wanu ayambire pamenepo. Koma kaya ndi Warsaw kaya Montreal, zaka ndi ziwiri zomwezo.

Tsopano bambo a kunyumba. Si okhawo amene amaganiza kuti ngozi ya ndege ndi pokhapokha chitsulo chagwa pansi utsi tolo. M'mapanganowa mawu oti ngozi ndi otambalala kuposa pamenepo. Mu 1985 khoti lalikulu la ku America linagamula mlandu wa mayi wina amene anagontha khutu limodzi ndege ya Air France ikutera ku Los Angeles. Oweruza anati ngozi ndi chinthu chosayembekezereka kapena chachilendo chimene chachitika kunja kwa thupi la wokwerayo. Mayiyo mfundoyi inamuipira, chifukwa ndege inatera monga mwa masiku onse, linali khutu lake limene silinapirire kusintha kwa mpweya. Koma inu mfundo yomweyo ikukukomerani. Chikwama chogwa m'kabati si chinthu cha m'thupi mwanu, ndipo si mbali ya ulendo wabwinobwino. Makhoti ambiri akhala akuwerengera zoterezi ngati ngozi, pamodzi ndi tiyi wotayikira munthu, ndege yogwedezeka mwadzidzidzi mpaka anthu kumenyetsa mitu kudenga, ndi kuterereka pa masitepe pokwera kapena potsika. Zimene amakana kawirikawiri ndi magazi oundana m'miyendo chifukwa chokhala nthawi yaitali, ndi mantha okhaokha opanda bala m'thupi.

Zoti amene anatsegula kabati si wa kampani zisakugwetseni ulesi. Simukuyenera kuyamba mwasonyeza kuti kampani inalakwa. Inu musonyeze kuti ngozi inachitika m'ndege yawo ndipo inakuvulazani. Pansi pa Montreal kampani siingathawe ponena kuti si ine, mpaka pa mlingo wa 151,880 SDR, umene unakwezedwa pa 28 Disembala 2024 kuchoka pa 128,821. SDR ndi ndalama ya m'mabuku ya IMF, ndipo mlingowu ndi pafupifupi madola 200,000 a ku America. Sindiisintha kukhala makwacha, chifukwa tikangoyamba tikangana za reti ya kubanki ndi ya pamsewu. Kupitirira mlingo umenewu kampani imaloledwa kudziteteza, koma iyo ndiyo iyenera kubweretsa umboni woti sinalekerere. Warsaw ndi woumira: mlingo wake ndi wochepa kwambiri, ndipo kampani ikhoza kupulumuka itasonyeza kuti inachita zonse zofunika popewa ngoziyo. Komabe makampani ambiri akuluakulu anavomera okha kusagwiritsa ntchito mlingo wakalewo, ndipo amalemba zimenezi m'malamulo awo onyamulira anthu, aja timangodina kuti tavomera pogula tikiti osawerenga. Loya awawerenge.

Musamve madola 200,000 n'kuyamba kuyang'ana puloti ku Chigumula. Imeneyo si ndalama yoti aliyense wovulala amalandira. Mumalandira molingana ndi zimene mwataya ndipo mwazisonyeza: ndalama za chipatala ndi mankhwala, phindu la pashopu la miyezi ija, ululu umene munamva, ndi kulemala kulikonse kumene kwatsalira, monga ngati dzanjalo silikwezekanso bwino. Ndalama zongofuna kukhaulitsa kampani Montreal salola. Ndipo zikadziwika kuti inunso munali mutaimirira pamene nyali ya lamba inali isanazime, akhoza kudulako. M'kalata mwanu zikuoneka kuti munali pampando. Mfundo imeneyo muigwiritse.

Pepala la masamba awirilo sindinalione, koma mtundu wake ndimaudziwa. Fufuzani mawu oti "full and final settlement", kapena "release". Tanthauzo lake n'lakuti mwalandira, mwakhutira, ndipo simudzabweranso. Fupa lothyoka ndi miyezi itatu ya geni mukhala mutazigulitsa pa mtengo wa tikiti imodzi. Apempheni kope mupite nalo kunyumba. Akakaniza, mwadziwiratu kuti muli chiyani.

Mlungu uno sonkhanitsani tikiti ndi kachiphaso kokwerera ndege. Kameneko mukachite fotokope lero, inki yake imafufutika ngati ya risiti ya m'sitolo. Onjezani pasipoti yoonetsa chidindo cha tsikulo, buku la kuchipatala, chithunzi cha ekisire, malisiti a mankhwala, makalata atatu aja ndi mayankho ake, ndi kope limene mumalembamo malonda a pashopu, ngakhale lili lothimbirira bwanji. Miyezi ya musanavulale ikaikidwa pambali pa miyezi itatu ija, woweruza amaona yekha. Buku la banki m'khonde nalonso ndi mboni. Kapepala kaja mtsikana analembapo dzina lanu kakutanthauza kuti mwina pali lipoti la m'ndege, ndipo loya akhoza kuliitanitsa. Mlanduwu ukhoza kutulidwa konkuno ku High Court pa Chichiri, chifukwa mapangano onse awiri amalola kusuma kumene ulendo unathera. Loya musankhe amene ali pa m'ndandanda wa Malawi Law Society wa chaka chino. Ngati thumba silikulola, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi muno mu Blantyre, koma mukafika muyambe ndi kutchula tsiku limene zaka ziwiri zikuthera, alilembe pachikuto cha fayilo.

A Loya,

Mng'ono wanga ankagwira ntchito ya umakaniko wa makina a m'mafamu ku South Africa. Miyezi 5 yapitayo anamwalira pamodzi ndi anzake m'kandege kakang'ono ka hayala kamene kankawapititsa kuntchito m'dziko lomwelo. Abwana ake analipira zobweretsa thupi ndipo anatipatsa chipepeso. Wasiya mlamu wanga ndi ana awiri ku Machinjiri. Tsopano pali munthu akutiimbira pa WhatsApp ndi nambala yakunja, akuti ndi loya, titumize ndalama yotsegulira fayilo komanso tisaine kuti azitiimira. Amalume nawo akuti chilichonse chobwera chidzere kwa iwo monga mwinimbumba. Kodi pali choti tingatsate, kapena chipepeso chija ndi chomwecho?

Bambo wa ku Chirimba

Bambo, pepani ndi zovutazi. Mwachita bwino kufunsa musanatumize kanthu.

Wa pa WhatsApp uja musamutumizire ngakhale 1 tambala. Maloya a milandu yotere nthawi zambiri amalandira zawo mlandu ukapambana. Ku South Africa lamulo la Contingency Fees Act la mu 1997 silimulola loya wogwira ntchito mwa njira imeneyi kutenga zoposa 25 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene mwapambana. Mufunseni dzina lonse ndi la ofesi yake, mukalifufuze ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya kumeneko. Anthu othamangira anamfedwa alipo paliponse, moti ku America anachita kuika lamulo loletsa maloya kuyamba okha kulankhula ndi mabanja mpaka patapita masiku 45 ndege itagwa.

Chipepeso ndi chipepeso, chipukuta misozi ndi china. Chofunika n'kudziwa ngati wina anasaina kanthu polandira ndalamayo, ndipo analemba zotani. Mufunse amene anapita kukatenga thupi. Pa nthawi ya maliro anthu timasaina chilichonse bola bokosi linyamuke.

Poti ulendowu unali wa m'dziko limodzi, Warsaw ndi Montreal sakulowapo, akulamulira ndi malamulo a South Africa. Ndikuona makomo atatu oti mugogode. Loyamba ndi la kuntchito. Malemu anafera pa ulendo wa ntchito, ndipo lamulo lawo la mu 1993 lotchedwa COIDA limapereka ndalama kwa mkazi ndi ana kudzera ku Compensation Fund, posayang'ana kuti analakwa ndani. Bwana amayenera kukanena za ngoziyo m'masiku 7. Aimbireni muwapemphe nambala ya fayilo. Lamulo lomwelo limaletsa kusumira bwanayo payekha, koma silitseka makomo enawo. Lachiwiri ndi la mwini kandegeko ndi inshuwalansi yake, ngati woyendetsa kapena kampani inalekerera. Lachitatu, limene anthu ambiri saliganizira, ndi la amene anapanga ndegeyo kapena amene ankaikonza.

Khomo lachitatuli musalipeputse. Pa 10 Malichi 2019 ndege ya Ethiopian Airlines yopita ku Nairobi inagwa patangotha mphindi 6 itanyamuka ku Addis Ababa, anthu onse 157 n'kufa. Inali Boeing 737 MAX, mtundu womwewo umene unagwa ku Indonesia mu Okutobala 2018 n'kupha anthu 189. Ofufuza analoza chipangizo chotchedwa MCAS chimene chinkakankhira mphuno ya ndege pansi. Mabanja ambiri, kuphatikizapo a ku Kenya, sanathere pa kampani yonyamula anthu. Anakasumira Boeing kukhoti la ku Chicago, ndipo mu 2021 kampaniyo inavomera kuti ili ndi udindo wolipira mabanja a ngozi ya ku Ethiopia. Sindikunena kuti kandege ka mng'ono wanu kanali ndi vuto lotere. Ndikunena kuti musasaine pepala lomasula "wina aliyense wokhudzidwa" lipoti la ofufuza lisanatuluke, chifukwa mukhoza kumasula munthu amene simunamudziwe n'komwe.

Za amalume ndilankhule mosapsatira. Umwinimbumba ndi udindo wolemekezeka, koma ndalama imeneyi si yawo. Chipukuta misozi cha imfa chimapita kwa amene ankadalira malemu pa chakudya, lendi ndi fizi: mlamu wanu, ana awiriwo, ndiponso mayi anu ngati ankawatumizira. Katundu wina wa malemu amene ali kuno akuyendetsedwa ndi lamulo lathu la chuma cha masiye la mu 2011, limene limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo linaika kulanda chuma cha masiye m'gulu la milandu. Komabe amalumewo musawataye, ali ndi ntchito yeniyeni. Ngati ukwati unali wa chinkhoswe wopanda mtchatho wa kutchalitchi kapena kwa DC, akunja adzafuna umboni woti mlamu wanu analidi mkazi wa malemu. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi kalata ya amfumu ndizo zidzamuimire. Muwauze amalume kuti siginecha yawo ikufunika pamenepo. Munthu wamkulu ukamupatsa mpando sakhalanso pakhomo kutchinga.

Mlamu wanu asunge ziphaso zobadwira za ana, chiphaso cha imfa, mapepala a malipiro a malemu, ndi mauthenga onse a Mukuru kapena a kubanki oonetsa zimene ankatumiza mwezi ndi mwezi. Foni ija isagulitsidwe kapena kupatsidwa mwana mauthengawo asanasindikizidwe. Powerengera ndalama amayang'ana zimene malemu ankapereka pakhomo ndi zaka zimene akanapitiriza kupereka. Mufunika loya wa ku South Africa, koma ndi bwino adzere mwa loya wa kuno amene mungamupeze pa ofesi yake n'kumuyang'ana m'maso.

A Loya,

Ndine mwana wa sukulu ndipo timakangana ndi anzanga. Ndege ikagwa, ngati ija ya ku Chikangawa, akatswiri n'kutulutsa lipoti, kodi khoti limangotenga lipotilo n'kulamula kuti wakutiwakuti alipire? Nanga pangano la Montreal limagwiranso pa ndege ya asilikali?

Mnyamata wa ku Ndirande

Achimwene, pa ngozi ngati ya ku Chikangawa ija mafunso onse awiri yankho lake ndi ayi.

Tonse tikukumbukira pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya Dornier 228 ya asilikali athu inasowa ikupita ku Mzuzu, n'kupezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa. Munali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8, ndipo palibe anapulumuka. Ine tsiku limenelo sindinatsegule fayilo ngakhale imodzi, tonse mu ofesi tinangounjikana pa wailesi ya mlonda. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany anafufuza ngoziyo, ndipo boma linakhazikitsanso komiti yake yofufuza motsogozedwa ndi Justice Jabbar Alide.

Kafukufuku wa akatswiri a ndege amatsatira ndondomeko ya ICAO yotchedwa Annex 13, ndipo iyo imanena poyera kuti cholinga chake ndi kupewa ngozi ina, osati kuloza wolakwa kapena woyenera kulipira. Anachita dala kuti oyendetsa ndege ndi amakaniko azilankhula momasuka. Loya amaliwerenga lipotilo ndi pensulo m'manja, chifukwa limamuonetsa pokumba, koma kukhoti ayenera kubweretsa mboni ndi umboni wake. Komiti yofufuza nayonso si khoti, imapereka zimene yapeza ndi malangizo basi.

Montreal ndi wa maulendo odutsa malire. Ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu pa ndege ya boma uli pansi pa malamulo athu a konkuno. Amene akufuna kusumira boma amayamba wapereka chidziwitso cholemba kwa Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, n'kudikira miyezi 3 asanatule mlandu kukhoti. Ine chidziwitso chotere ndimachitumiza koyambirira kwenikweni, kuti miyezi itatuyo ithere mkati mwa zaka zitatu za Limitation Act zija, ndipo mesenjala sabwerako popanda chidindo cha tsiku pa kope lathu.